Thanki Ikazulidwa, Madzi Apansi Ayesedwe

M'chaka cha 1996 akuluakulu a mzinda wa Santa Monica, m'chigawo cha California ku America, adatseka zitsime zawo za ku Charnock zimene zinkapereka pafupifupi theka la madzi akumwa a mzindawo. Chimene chidawatseketsa ndi mankhwala otchedwa MTBE, amene masiku amenewo ankathiridwa m'petulo. Petuloyo adachucha kuchokera m'mathanki okwiriridwa pansi pa malo ogulitsira mafuta a galimoto, nalowerera m'nthaka mpaka kufika pa madzi. Mzindawo udayamba kugula madzi kwina, ndipo zitsimezo zidatsegulidwanso mu 2010 atamanga makina oyeretsera madziwo.

Sikuti dzikolo lidalibe malamulo ayi. Nyumba ya malamulo ya kumeneko idakhazikitsa lamulo la mathanki apansi mu 1984, ndipo eni mathanki akale adapatsidwa mpaka mwezi wa Disembala 1998 kuti awakonze kapena awatseke. Koma lamulo silitulutsa mafuta amene adalowa kale m'nthaka. Thanki yachitsulo imadyedwa ndi dzimbiri ili m'dothi momwemo, popanda munthu woiona. Mwini malo angathe kuizula, kukwirira dzenje ndi kuthirapo simenti, pamwamba n'kuoneka bwino, chonsecho pansi mafuta akuyenda pang'onopang'ono kulinga ku chitsime cha anthu ena.

Pofuna kudziwa zoona zake, akatswiri amakumba zitsime zoyesera madzi. Izi si zitsime zotungapo. Amaboola nthaka, nalowetsamo paipi yopyapyala ya masentimita ngati 5, yokhala ndi timing'alu cha kumunsi. Kuzungulira timing'aluto amathiramo mchenga woyera, ndipo pamwamba pake amamatapo dongo kuti madzi amvula asalowe n'kusokoneza muyeso. Timing'aluto timaikidwa pomwe madzi apansi amayambira, popeza petulo ndi wopepuka ndipo amayandama pamwamba pa madzi.

Chitsime chimodzi sichikwanira, ndipo apa m'pamene anthu ofuna kusunga ndalama amalakwira. Pamafunika zitsime zosachepera zitatu, zosakhala pa mzere umodzi, kuti poyerekeza msinkhu wa madzi m'zitsimezo adziwe kumene madziwo akulowera. Wokumba chimodzi chokha, mwina kumtunda kwa thanki, adzatunga madzi abwino nalemba lipoti lokondweretsa, pamene mafuta onse ali kumunsi. Kuyesa kamodzi nakonso n'kudzinyenga, chifukwa madzi apansi amakwera m'dzinja natsika m'chilimwe, ndipo akamakwera amatsuka mafuta amene adakakamira m'dothi. N'chifukwa chake malo otere amayesedwa kangapo pa chaka, kwa zaka zingapo.

Mphuno siingadaliridwe pa ntchito imeneyi. M'petulo muli mankhwala a benzene amene amayambitsa khansa ya m'magazi, ndipo bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti m'madzi akumwa asapitirire magawo 10 pa magawo 1,000,000,000. Mankhwala a kulorini amene timathira m'ndowa amapha tizilombo, koma benzene samuchotsa.

Tikunena izi chifukwa anthu ambiri m'dziko muno amamwa madzi a pa mjigo ndi a m'zitsime zokumba pamanja, zimene siziya kwenikweni. M'matauni ndi m'misika ya m'mbali mwa misewu yathu ikuluikulu muli malo ogulitsira mafuta, ena akale ndithu, ndipo malo otere akatsekedwa sachedwa kusanduka sitolo kapena nyumba zogona.

Tsono tikupempha inu ogwira ntchito za Boma, makamaka a m'makhonsolo amene mumaloleza zomanga, pamodzi ndi a bungwe la MERA ndi a National Water Resources Authority, kuti malo amene padali thanki ya mafuta musalole kuti asinthe ntchito musanaone zotsatira za zitsime zoyesera. Ndalama zokumbira zichokere kwa amene adapindula ndi malondawo, monga makampani a mafuta adalipirira ku Santa Monica. Atsogoleri a m'madera nawo, pamodzi ndi mafumu, ali ndi gawo lawo, pakuti iwo ndiwo akukumbukira pamene padali pampu zaka makumi atatu zapitazo. Malo amenewo alembedwe, ndipo mijigo yoyandikana nawo iyambe ndiyo kuyesedwa.