Ilala isadzathere momwe yathera Chauncy Maples

Amene munakwerapo Ilala pa Monkey Bay, kaya munali ndi mabelo a kaunjika kaya makatoni a sopo opita nawo ku Likoma, muyenera kuti munaionapo sitima ina yokalamba itangoti duu pa doko pomwepo. Ambiri timangoidutsa osafunsa n'komwe. Sitima imeneyo ndi Chauncy Maples, imodzi mwa sitima zakale kwambiri zimene zatsala mu Africa muno. Ndati tikambirane za iyo chifukwa nkhani yogula sitima yatsopano yolowa m'malo mwa Ilala ikangobuka, monga imabukira nthawi ndi nthawi, palibe amene amafunsa kuti nanga gogo ameneyu akadzapuma tidzamuika pati, ndipo adzamusamala ndani.

Chauncy Maples inapangidwa ku Glasgow mu 1899 pokumbukira bishopu wa Anglican wa ku Likoma wa dzina lomwelo, amene anamira m'nyanja yathuyi mu 1895. Anaiphwasula n'kukhala zidutswa 3,481, n'kuzikweza ndi mtsinje wa Zambezi ndi Shire. Pamathithi panalibe njira ina koma kusenza pamutu. Chithanki chake chowiritsira madzi, cholemera matani 11, sichikanatheka kuchiduladula, ndiye anachiika pangolo ndipo Angoni 450 anachikoka mtunda wa mamailosi 64. Zidutswa zija zitafika kunyanja, zinapezeka kuti manambala osonyeza polumikiza anafufutika pomwe ankakuta zitsulozo kuti zisachite dzimbiri. Anthu anachita kuyesa chitsulo ichi ndi icho mpaka sitima inalowa m'madzi pa 6 June 1901.

Kuchokera apo inagwira ntchito zonse. Inali sukulu, chipatala ndi tchalitchi cha amishoni. Pankhondo ya 1914 inanyamula asilikali. Mu 1953 inagulitsidwa ku boma n'kusanduka yophera nsomba, kenaka mu 1967 anaiika injini ya dizilo kuti izinyamula anthu ndi katundu. Itatopa anangoiimika, mpaka panthawi ina inasanduka bala.

Mu 2009 kunabadwa bungwe la Chauncy Maples Malawi Trust ku Britain, ndi cholinga chosonkhetsa mapaundi 2 miliyoni kuti sitimayi ikonzedwe n'kukhala chipatala choyandama cha midzi ya m'mbali mwa nyanja. Kampani ya inshulansi ya Thomas Miller ya ku London inatsogolera kusonkhetsako. Maganizo anali abwino, ndipo ntchito inayambikadi pa Monkey Bay. Koma chipatala choyandamacho sitinachione, ndipo zaka zapitapo.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kunena kuti ndalama zinadyedwa, paja ndi nyimbo yathu ya masiku onse. Ine vuto ndikuliona kwina. Sitima ya zaka zoposa 100 anaisenzetsa katundu woposa msinkhu wake. Kuti ikhale chipatala inafunika kumangidwanso pafupifupi yonse, kupeza anamwino, mankhwala, ndi dizilo wa mwezi ndi mwezi, zonsezo kudalira matumba a anthu okhala kutsidya kwa nyanja ya mchere. Ndalama zikachepa, ntchito yonse imaima tsiku limodzi, chifukwa pa Monkey Bay pomwepo palibe gulu la anthu limene likanati: chabwino, chipatala chalephereka, koma ife Loweruka likubwerali tipala dzimbiri n'kupaka penti.

Anzathu kumene zinthu zimenezi zimayenda amachita mosiyana. Ku America kuli bungwe lotchedwa Antique and Classic Boat Society, limene linayamba mu 1975 ku Lake George m'chigawo cha New York, ndipo likulu lake lili m'tauni yaing'ono ya Clayton, m'mbali mwa mtsinje wa St. Lawrence. Likululo silikonza boti la munthu. Mphamvu zili m'makalabu a m'zigawo, amene anafalikira mu America ndi Canada, kalabu iliyonse ndi nyanja yake kapena mtsinje wake. Mamembala amalipira kangachepe pachaka, amakumana m'mashedi mwawo, amaphunzitsana kusintha thabwa lowola, kupaka vanishi, kudzutsa injini imene inasiya kulira kalekale. Ambiri mwa maboti awo ndi aja a Chris-Craft ndi Gar Wood, a matabwa ofiira onga mbawa yathuyi. Pachaka amachita chionetsero, ndipo cha ku Clayton chinayamba mu 1965. Oweruza amasiyanitsa boti limene lasungidwa ndi matabwa ake enieni ndi lija lomangidwanso mwatsopano. Chionetsero chikatha saliika m'galasi, amalitsitsira m'madzi n'kukwezamo ana ndi zidzukulu.

Amagawanso maboti potengera zaka. Lopangidwa pofika 1918 ali nalo m'gulu la mbiri, ndipo la pakati pa 1943 ndi 1975 lili m'gulu lina lolemekezeka. Mwa mawerengedwe amenewo Chauncy Maples ndi agogo a agogo, ndipo Ilala, imene inapangidwa ku Scotland mu 1949 n'kuyamba kuyenda panyanja pathu mu 1951, ndi chinthu choti anthu akanamalipira kuti angochigwira. Ife timamangiriramo mbuzi.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti boti la mamita asanu ndi limodzi la dokotala wopuma ntchito wa ku Michigan n'chimodzimodzi ndi sitima yachitsulo ya mamita 38. Mtengo wake ndi wosiyana kutalitali. Chimene ndikutola kwa iwo ndi kachitidwe: anthu okhala pafupi ndi chinthucho, ntchito yaing'ono koma yosalekeza, ndi cholinga chosapitirira mphamvu zawo. Dzimbiri silidikira msonkhano wa opereka thandizo. Limadya tsiku ndi tsiku, ndipo wolimbana nalo ayenera kukhala wopezeka tsiku ndi tsiku.

Wina ati, aise, iwe ukukamba za masewera a anthu okhuta pomwe ife tikulira mtengo wa chimanga ndi feteleza. Nzoona, ku America'ko ndi masewera a anthu a ndalama. Koma taonani amene amapindula kalabu yotere ikakhalapo: kalipentala, wowotcherera, makaniko, wogulitsa penti, mwini resitihausi, mayi wophika nsima ya chambo pa tsiku la chionetsero. Inu a bizinesi mukudziwa kuti mlendo akabwera kunyanja, akasambira masiku awiri amayamba kufunsa kuti kwina koti n'kukaona n'kuti. Timamuuza chiyani? Ku Mangochi timamuonetsa mfuti ya sitima ya Guendolen, imene mu August 1914 inakaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann kutsidya kwa nyanja. Mfuti ilipo, sitima yake kulibe. Timamuonetsanso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi Vipya mu 1946. Kupatula nyumba yosungiramo zakale za panyanja pa Mangochi pomwepo, basi, ulendo watha.

Winanso ati izi ndi za atsamunda, zisiyeni ziwole. Apa ndiye ndimakana kwamtuwagalu. Amene anakoka chithanki chija anali azigogo athu. Amene ankadula nkhuni ndi kusonkhezera moto anali athu. Kwa zaka zambiri, oyendetsa sitima, amakaniko ndi ophika akhala ali Amalawi. Mabuku a amishoni anasunga maina a mabishopu ndi mainjiniya a Chizungu, koma maina a Angoni 450 aja ndani angawatchule? Chitsulocho ndicho chatsala pa thukuta lawo.

Anthu oyambitsa kalabu alipo kale, sitifunika kukawaitanitsa ku London. Pa Monkey Bay ndi Nkhata Bay pali madoda opuma ntchito amene anayenda pa Ilala ndi Mtendere zaka makumimakumi, odziwa paipi iliyonse ndi kumene ikupita. Nzeru zawozo sizinalembedwe paliponse, ndipo maliro akutitengera mmodzimmodzi. Pa Monkey Bay pomwepo pali sukulu yophunzitsa za ntchito za panyanja. Pali okhoma maboti a matabwa m'madoko a asodzi, pali osema mabwato, amene luso lawo likutha pamodzi ndi mitengo ikuluikulu. Inu ophunzira amene mumavutika kusaka mutu wa kafukufuku, tengani foni mukajambule mawu a madodawa asanapite. Ine sukulu ya ukachenjede ndinaisiyira panjira, koma ndikadabwererako ntchito yanga ikadakhala imeneyo.

Kwa boma sindikupempha ndalama, paja yankho lake tikulidziwa. Ndikupempha pepala limodzi lokha: chilolezo choti gulu lolembetsedwa mwalamulo lizisamala Chauncy Maples, kuipala, kuipaka penti, kutseka modontha, ndi kulipiritsa kakhobidi kwa ofuna kukwera n'kuona. Isayende ulendo uliwonse, ingokhala pa doko ili yoyera. Pepala lomwelo linenenso kuti tsiku limene Ilala idzaimikidwe komaliza, isadzagulitsidwe kwa ogula zitsulo zakutha pa kilo. Ogulawo sikelo ali nazo kale, ndipo njira ya ku Monkey Bay amaidziwa bwino.