Ngolo yakale tili nayo, anapiye a pa foni sitinawaone



Pa msonkhano wapitawu wa makolo ndi aphunzitsi tinabalalika tisanamange mfundo pa ndalama zimene tinasonkha chaka chino. Ena ankati zonse zipite ku mabenchi, poti ana a Fomu 1 akupanikizana anayi pa desiki ya anthu awiri, ena mpaka kukhalira njerwa. Ena ankati tiyambe kuweta nkhuku kuti sukulu izipeza kangachepe payokha. Mnyamata wina wa Fomu 4 anakweza foni m'mwamba kutionetsa anapiye onenepa bwino amene munthu wina akutsatsa pa WhatsApp pa mtengo wotsika, ndipo m'chipinda monse munali phokoso lovomereza. Ine tsiku lija ndinangokhala chete. Monga mphunzitsi wa zaulimi, maganizo anga ndi akuti zonse ziwiri n'zotheka ndi ndalama zomwezi, bola tiyambire pa zinthu zimene zili kale m'makomo mwathu, ndipo tisatumize ngakhale tambala imodzi kwa munthu amene khola lake sitinalione.

Ndiyambe ndi mabenchi. Yendani m'midzi ya kuno ku Nkhoma, mutsike ku Nathenje, mukafike mpaka ku Mitundu, muziyang'ana kuseri kwa nyumba. Mupeza ngolo itagona chammbali, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Ngolo ikafa, chimene chimafa kawirikawiri ndi ekiselo ndi mawilo. Bokosi lake, matabwa a pansi ndi a m'mbali aja, limakhala likadali ndi mphamvu, chifukwa amene ankalikhoma ankasankha thabwa lotha kusenza chimanga ndi njerwa zaka zambiri. Ngolo imodzi yotere, mmisiri wodziwa atayiphwasula mosamala, muturuka mabenchi awiri kapena atatu, ndipo zitsulo za felemu yake zisanduka miyendo. Makomo ambiri amene anasiya fodya n'kuyamba soya ndi mtedza akadali ndi jeke yodindira mabelo. Matabwa a jeke ndi ochindikala kuposa thabwa lililonse limene tingagule lero pa msika, ndipo angatipatse tebulo la m'chipinda cha aphunzitsi limene lidzatisiya ife tonse. Mtondo wong'ambika m'kamwa ukautembenuza ndi mpando. Goli lakale ndi chogwirizira miyendo ya benchi kuti isamagwedere. Chitseko cha nyumba yogumuka ndi pamwamba pa tebulo. Ngakhale mapolo a chigafa chakugwa, amene chiswe sichinawalowe, angatipangire shelefu yoikapo nsapato pa khomo la mzikiti, kuti Lachisanu tisamapondane posaka nsapato ya kumanzere.

Panopa zinthu zimenezi zikupita kuti? Matabwa akupsa pa moto wa nsima. Zitsulo zikutengedwa ndi anyamata oyenda ndi sikelo aja, pa mtengo wa pa kilogalamu woti sungagule ngakhale paketi ya misomali. Kenako ife tomwe timapita kukagula thabwa latsopano, laliwisi, limene limapindika pakangotha miyezi itatu. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa thabwa, msomali ndi penti sunabwererenso m'mbuyo. Ndipo mitengo yoti n'kuchekamo thabwa labwino ikutha. A ku Mitundu akudziwa mmene nkhalango ya Dzalanyama yaperewera ndi makala, mpaka boma linachita kutumizako asilikali kuti akaitchinjirize. Mlombwa umene uli pa ngolo ya agogo anu simudzaupezanso pa mtengo umene tingakwanitse.

Ndikudziwa chimene ena akuganiza, chifukwa bambo wina anandiuza maso ndi maso: "Aphunzitsi, mukufuna sukulu yathu izioneka ngati kudzala?" Funso lake si lopusa. Sukulu imakopa makolo ndi maonekedwe ake, ndipo palibe amene amafuna kuti mwana wake ang'ambe yunifolomu pa msomali wadzimbiri. Koma chimene chimasiyanitsa benchi ndi chinyalala ndi ntchito ya manja. Thabwa lakale likapalidwa, likakwechedwa ndi sandipepa, n'kupakidwa vanishi, limaoneka bwino kuposa paini watsopano. Ku Lilongwe kuli malo odyera kumene anthu a ndalama amakhalira mipando ya matabwa akale omwewa, n'kumalipira mokondwa. Ife tokha eni ake ndi amene timachita nawo manyazi.

Sindikunena kuti ndi zaulere. Mmisiri wa matabwa ndi wowotcherera zitsulo ayenera kulipidwa, ndipo misomali ndi vanishi tigula. Palinso zinthu zimene siziyenera kulowa pa sukulu pano ngakhale mwini wake atapereka ndi mtima wonse. Chigubu kapena mgolo umene munali mankhwala opopera mbewu usasanduke mpando, chomwera nkhuku kapena chotungira madzi. Kutsuka sikuchotsa poizoni yense. Mgolo umene munali petulo usadulidwe ndi moto kapena ndi makina otulutsa nthethe, chifukwa mpweya wotsalira m'kati umaphulika. Thabwa lofumbwa, makamaka la mu nkhokwe, lisiyeni kwanu, lingatibweretsere tizilombo todzadya mabenchi enawo. Msomali uliwonse wakale uzulidwe, poti bala la chitsulo chadothi limabweretsa kafumbata. Ndipo inu ophunzira, musakazule chitseko cha agogo n'kubwera nacho kuno mukuti aphunzitsi atituma. Ngolo ya malemu ili ndi eni ake; mukambirane ndi amalume anu ndi mbumba yonse musanaikhudze.

Mabenchi akatuluka mwa njira imeneyi, ndalama zina zitsala, ndipo apa m'pamene nkhani ya nkhuku ikubwera. Ndikuifuna nkhaniyi kuposa aliyense. Ana athu amalemba za kaweredwe ka nkhuku pa mayeso a MSCE asanagwirepo mwanapiye wa tsiku limodzi m'manja mwawo. Koma ndiloleni ndikuuzeni zimene zinandionekera ine mwini, kuti mumvetse chifukwa chake sindinaombe nawo m'manja foni ija itakwezedwa.

Zaka ziwiri zapitazo ndinaona chithunzi cha anapiye pa Facebook. Wogulitsayo analemba kuti ndi mabuloila, olandira kale katemera, ndipo mtengo wake unali wotsikirapo poyerekeza ndi m'masitolo a ku Lilongwe. Tinalankhulana bwinobwino, munthu waulemu, wa "bwana, bwana" pa mawu aliwonse. Ndinatumiza ndalama ya anapiye 50 pa foni. Musaganize kuti anathawa nazo, ayi. Anapiye anafikadi. Ndinakawalandira pa Kamphata kwa kondakitala wa minibasi dzuwa lili paliwombo, ali mu katoni ya bisiketi yoboola timabowo towerengeka. Asanu ndi awiri anali atafa kale. Otsalawo ndinawasamala ngati ana anga, kuwadzukira pakati pa usiku kukasonkhezera mbaula. Sabata yachinayi ikutha ndinayamba kudabwa. Buloila wa masabata anayi amakhala wa chidali chotambalala, wolemera, waulesi kuyenda. Anga anali a miyendo yaitali, opepuka, othamanga, malipombo akuphuka pamutu pa aliyense. Anali atambala a nkhuku zoikira mazira.

Ophunzira a Fomu 3 ndi 4, mvetsetsani apa. M'mitundu yambiri ya nkhuku zofiirira zoikira mazira, mwanapiye wamkazi amaswedwa wofiirira pomwe wamwamuna amaswedwa wachikasu choyererako, wofanana kwambiri ndi buloila. Malo oswetsera mazira alibe nawo ntchito amunawa, choncho amawagulitsa motchipa kwambiri. Munthu wachinyengo amawagula, n'kuwajambula, n'kuwatcha mabuloila. Pa chithunzi simungasiyanitse. Mumadzazindikira atadya kale matumba anu a chakudya, ndipo pa ulimi wa nkhuku chakudya ndicho chimadya ndalama zoposa theka la zonse. Nditaimba foni kuti tikambirane, nambala ija sinkapezekanso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zinali ndalama zanga, ndipo ndinadzitonthoza ndekha. Izi tikukambazi ndi ndalama za mayi amene anagulitsa ndowa ya mtedza kuti asonkhe.

Sikuti foni ndi yoipa. Mlimi wa ku Nkhoma amene kale ankawononga tsiku lathunthu ndi ndalama ya minibasi kungopita ku tauni kukafunsa mtengo, lero amafunsa ali pakhonde. Airtel Money ndi Mpamba zatipulumutsa ku mantha oyenda ndi ndalama m'thumba. Ogulitsa okhulupirika nawonso amatsatsa pa WhatsApp pomwepo, ndipo anapiye a tsiku limodzi amafunadi kuodetsa ndi kulipira pasadakhale, chifukwa mazira amatenga masiku 21 kuti aswe ndipo woswetsa amafuna kudziwa kuchuluka kwa ogula. Vuto ndi lakuti pa foni wokhulupirika ndi wakuba amaoneka chimodzimodzi. Tonsefe tinalandirapo kauthenga kaja kakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" n'kuseka. Koma munthu yemweyo akaika chithunzi cha anapiye, timatumiza tokha.

Pa malamulo a malonda m'Chisilamu muli mtundu wa malonda wotchedwa salam, pamene wogula amalipira lero katundu wodzalandira mtsogolo. A Shehe angatifotokozere bwino kuposa ine, koma chimene ndinaphunzira n'chakuti malonda otere amafuna kuti mtundu wa katunduyo, kuchuluka kwake ndi tsiku lodzaperekera zidziwike bwino kwa onse awiri. Ine pa malonda anga aja ndinkadziwa nambala ya foni basi. Komiti ikafuna kuoda, anthu awiri apite okha kumene anapiyewo akuchokera, kapena ku sitolo yokhala ndi khomo loti tingadzagogodenso mawa. Afunse kuti ndi mtundu wanji, aswa liti, alandira katemera uti, ndipo zonsezo zilembedwe pa lisiti. Potumiza ndalama aone ngati dzina lotuluka pa foni ndi lomwelo lili pa lisiti. Tsiku lolandira tikawatenge tokha m'mamawa kusanatenthe, tiwawerenge pamaso pa wogulitsa. Mwanapiye wathanzi amakhala wa maso owala, wouma nthenga, wotsekeka pa mchombo, ndipo ukamugoneka chagada amadzuka msanga.

Ngakhale anapiye abwino amafa akafika pa khomo losakonzeka, ndipo apa m'pamene zinthu zakale zija zikugwiranso ntchito. Mwanapiye wa tsiku limodzi alibe make womufungatira. Sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, kenako kumatsitsidwa pang'onopang'ono sabata iliyonse. Malata akale atawapinda mozungulira amapanga mpanda wabwino wolerera anapiye, wopanda ngodya zoti aunjikanemo n'kupsinjana. Pansi tithira utuchi wokhakhala wochokera pa mabenchi omwe aja, kapena makoko a mtedza ouma. Ndowa yachitsulo yobooka ndi mbaula, bola mpweya uzilowa ndi kutuluka, chifukwa utsi wa makala m'chipinda chotsekeka umapha nkhuku ndi munthu yemwe. Anapiyewo amanena okha mmene akumvera: akaunjikana pafupi ndi moto akuzizidwa, akathawira m'mbali atayasamula akutenthedwa. Amene anagonapo pansi pa phiri la Nkhoma mu Juni ndi Julaye akudziwa kuti si miyezi yoyambira kuphunzira ntchito imeneyi.

Kunena zoona, ine sindingayambe ndi mabuloila. Amakula msanga, masabata 6 okha, koma buloila mmodzi amadya pafupifupi makilogalamu 4 a chakudya chogula asanafike pogulitsidwa. Anapiye 100 ndiye kuti matumba pafupifupi 8 a makilogalamu 50, ndipo tsiku limene chakudya chatha sadikira msonkhano wa komiti. Ndikanakonda tiyambe ndi nkhuku zopirira, monga zakuda za Mikolongwe zija, mtundu wa Black Australorp, zimene boma lakhala likufalitsa m'midzi kwa zaka zambiri zitakula kale masabata 6. Zoterezi zadutsa kale msinkhu wofuna moto, zimapereka mazira ndi nyama, ndipo zimadya gaga wosakaniza ndi soya wathu yemwe. Chachikulu ndi katemera wa chitopa. Alipo wa I-2, wodonthezera m'diso, wopangidwa kuno ku Malawi, wobwereza miyezi inayi iliyonse, ndipo alangizi a ziweto a dera lathu angatiphunzitse kaperekedwe kake. Tili ndi mwayinso kuti Bunda, kumene kuli akatswiri a ziweto a LUANAR, ili pafupi ndi Mitundu pomwepa. Pali funso lina limene sitinalikhudze n'komwe pa msonkhano uja: sukulu ikatsekera, adzazidyetsa ndani? Liyankhidwe ndi maina a anthu, tisanagule ngakhale nkhuku imodzi.

Pempho langa ku komiti ya mzikiti ndi lakuti itibwereke kachipinda kosungira katundu kaja kwa teremu imodzi, kakhale posonkhanitsira ndi pokonzera zinthu. Makolo amene muli ndi ngolo, jeke, goli, chitseko kapena malata ongokhala, tumizani uthenga kudzera mwa mwana wanu. Ine ndi ana a Fomu 3 tidzabwera Loweruka kudzaona ndi kuyeza tisananyamule chilichonse. Amene sakufuna kupereka ulere anene mtengo, tikambirana. Mabenchi oyamba akalowa m'kalasi ya Fomu 1, tidzawerengere pamodzi ndalama zotsala, ndipo mnyamata wa foni uja ndikumufuna akhale m'gulu la anthu odzapita kukaona khola la wogulitsa wake.