Chodulira galasi chotchipa n'chodula

Anthu akumanga kwambiri ku Salima. Kuchokera pa Kamuzu Road kukafika ku Senga Bay ndi ku Chipoka, nyumba, mashopu ndi malo ogona alendo zonse zikufuna magalasi. Ntchito ilipo, koma amisiri ambiri akutaya phindu chifukwa choumira pogula chodulira galasi.

Magalasi amachokera kunja, choncho mtengo wake umatsata dola. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, galasi lasanduka katundu wosafunika kuseweretsa. Mmisiri amene wagula galasi lalikulu n'kulidula ndi kachipangizo kobuntha ali ngati munthu wotunga madzi ndi ndowa yobooka. Likasweka mokhota, kasitomala salipira zidutswa.

Chodulira sichicheka ngati sowo. Kagudumu kake kamangokanda mzere, kenako galasi limathyoka motsata mzerewo. Kagudumu kachitsulo wamba sikachedwa kubuntha, pomwe ka tungsten carbide kamakhalitsa ndipo kamakanda mosalumpha. Ndalama yowonjezera pogula kabwinoko imabwerera pa galasi limodzi lokha lomwe lapulumuka.

Chida chabwino chimafunanso mwambo. Pukutani galasi musanalidule, poti mchenga wa kunyanja umalowa paliponse ndipo umadya kagudumu. Nyowetsani kagudumuko ndi palafini, kandani kamodzi kokha osabwerezanso, ndipo thyolani nthawi yomweyo. Galasi la mamilimita 3 kapena 4 limamvera msanga, koma la mamilimita 6 limafuna dzanja lozolowera ndi tebulo losapendama.

Poboola, nsonga yoboolera chitsulo kapena khoma sigwira ntchito. Pamafunika ya diamond kapena ya carbide yopangidwira galasi, makina akuzungulira pang'onopang'ono, madzi akuthiridwa kuti pasatenthe, ndipo osaboola pafupi ndi m'mphepete. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Galasi la tempered, lomwe limapezeka m'mawindo a m'mbali mwa galimoto, silidulidwa kapena kubooledwa. Limangoyoyoka ngati chimanga.

Palinso msika womwe ambiri sanauone. Kachipangizo kolembera pa galasi kangathe kulemba dzina la loji pa matambula kapena dzina la shopu pa kalilole. Ndi malo ogona alendo omwe ali ku Senga Bay, wachinyamata waluso sangasowe oda.

Ena anena kuti mpamba ndi wochepa. N'zoona, koma amisiri awiri kapena atatu angathe kusonkherana zida zoboolera ndi zolembera, aliyense n'kukhala ndi chodulira chakechake. Eni mahadiweya nawo aziuza ogula kusiyana kwa zidazi, osangowapatsa chomwe chili pafupi. Ndipo magalasi oteteza maso ndi magolovesi asaiwalike, chifukwa diso lilibe sipeya.

Pogula chodulira, musayambe mwafunsa mtengo. Yambani mwafunsa kuti kagudumu kake n'kopangidwa ndi chiyani.