Musathamangire kaiti yaikulu

Ogasiti akafika kuno ku Chipata, mphepo imayamba kuulutsa fumbi m'misewu ya ku Kapata ndi ku Mchini, ndipo ana amatuluka ndi makaiti awo a pulasitiki ndi timitengo ta udzu. Kaiti imeneyo tonse tinakula nayo: ulusi umodzi, mchira wa nsanza, ikakodwa mu mtengo wa mango mwana amalira pang'ono n'kukapanga ina. Koma pali kaiti ina imene achinyamata akuiona pa YouTube, yokoka munthu wamkulu ataimangirira pa lamba wa m'chiuno, iye ali pa thabwa pamwamba pa madzi ku Cape Town kapena ku Paje, ku Zanzibar. Masewerawa analowa mu Olympics mu 2024, mpikisano wake unachitikira ku Marseille, m'dziko la France. Nchosadabwitsa kuti mwana wa kuno amene ali ndi foni ndi kandalama wayamba kufunsa mtengo wake pa intaneti.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi maganizo amene timagulira zinthu. Ife tinazolowera kugulira mwana nsapato ya sukulu yokulirapo, n'kumati adzakuliramo, ndipo pa nsapato nzeru imeneyo ndi yabwino. Pa kaiti yokoka munthu, nzeru yomweyo imathyola msana.

Makaiti amenewa amawayeza m'masikweya mita. Yophunzirira pamtunda imakhala ya 2 kapena 3. Ya pamadzi, ya munthu wamkulu pa mphepo yabwinobwino, nthawi zambiri imakhala pakati pa 9 ndi 12, ndipo zingwe zake zimatalika mamita 20 mpaka 25. Nsalu ikakula kawiri, kukoka kwake kumakulanso kawiri. Zimenezo aliyense atha kuziganiza. Chimene wophunzira sadziwa nchakuti mphepo ikawonjeza liwiro kawiri, kukoka kumawonjezeka kanayi. Kamphepo ka makilomita 15 pa ola kakasanduka 30, kaiti imene munali kuigwira mukumwetulira imakunyamulani miyendo m'mwamba musanaganize n'komwe zosiya chogwirira. Komanso kaiti sikoka mofanana paliponse. Ikakhala pamwamba pa mutu imafatsa, koma dzanja likalakwitsa pang'ono, iyo n'kudumphira kutsogolo kwanu kumene mphepo ikulowera, mphamvu yake yonse imabwera kamodzi. Wophunzira aliyense amalakwitsa chomwecho, kangapo. Yaing'ono imamukoka mapazi awiri atatu, n'kugwa chogwada. Yaikulu imamukhwekhwereza pansi.

Tsono taganizirani mphepo yathu. Tauni ino yakhala pakati pa mapiri, ndipo mphepo imafika itagundagunda m'mapiri, m'mitengo ndi m'nyumba. Imaomba, n'kuleka, n'kubwera mwaukali kuchokera kwina. Mu Seputembala ndi Okutobala kamvuluvulu amangodzuka pabwalo popanda chenjezo. Pansi pouma gwa, m'minda muli zitsa ndi ziputu za chimanga, mawaya a magetsi ali m'mbali mwa msewu uliwonse. Anthu a m'mphepete mwa nyanja zikuluzikulu ali ndi mphepo yoyenda mosadukiza ndi mchenga wogwerapo. Ife tilibe zonse ziwiri.

Nyanja imene tili nayo pafupi ndi ya Malawi: kudutsa pa Mwami, Mchinji, Lilongwe mpaka ku Senga Bay, ku Salima. Kumeneko mwera umaomba kwambiri kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Koma funsani asodzi za mwera. Ukakalipa amakokera mabwato kumtunda, ndipo ndi anthu obadwira pamadzi. Amene akufuna kulowa m'madzi amenewo ndi kaiti ayambe wapeza mphunzitsi, osati kanema wa pa foni.

Wogulitsa adzakuuzani kuti yaing'ono mutopa nayo msanga. Akunena zoona, ndipo cholinga chake nchomwecho. Mutope nayo manja atadziwa kale kuiwongolera maso ali kwina, kuitsitsa pansi bwinobwino, ndi kumasula chomasulira changozi osayang'ana. Mukatero mupatse mphwanu nayenso aphunzirirepo. Ngakhale akatswiri mukuwasirira aja sakhala ndi kaiti imodzi. Mphepo ikakula amatulutsa yaing'ono, yaikulu amaisungira tsiku la kamphepo kayaziyazi. Amasankha poona mphepo ya tsikulo ndi kulemera kwa thupi lawo.

Sindikuletsa masewerawa ayi. Ndingakondwe kuona mwana wa ku Chipata akupikisana ku Cape Town tsiku lina. Koma inu makolo, mwana akadzabwera kudzapempha ndalama ya kaiti, mufunseni kuti ndi ya masikweya mita angati, ili ndi chomasulira changozi kapena ayi, ndipo akaiulutsira kuti. Ngati sanagwirepo kaiti yotere n'kale lonse ndipo akutchula nambala yoposa 3, ndalamayo musatulutse.