Buku Limodzi, Makanema Aŵiri

Mphunzitsi amene amaonetsa ophunzira kanema m'malo moŵerenga nawo buku amayesa kuti wafupikitsa ulendo. Komatu kanema ndi maganizo a anthu ena pa bukulo, ndipo maganizowo amabisala m'kachitidwe ka ochita seŵero ndi m'kajambulidwe ka zithunzi. Umboni wake ndi buku la Alan Paton, Cry, the Beloved Country, lotuluka mu 1948, limene linajambulidwa mu 1951 ndiponso mu 1995.

Nkhani yake ndi ya mbusa Stephen Kumalo wa ku Ndotsheni, m'chigawo cha Natal, amene akupita ku Johannesburg kukafunafuna mlongo wake Gertrude ndi mwana wake Absalom. Kumeneko akupeza kuti mwanayo wapha Arthur Jarvis, mzungu woyankhulira anthu akuda, ndipo bwalo likugamula kuti anyongedwe.

Kanema wa 1951 anamutsogolera ndi Zoltan Korda, tsankho la apartheid litangokhazikitsidwa kumene. Canada Lee, amene anachita gawo la Kumalo, ndi Sidney Poitier, amene anali mbusa Msimangu, analoŵa m'dzikomo ngati antchito a Korda, pakuti anali akuda. Zithunzi zake n'zakuda ndi zoyera chabe, ndipo zisakasa za amphaŵi zikuoneka monga zinalili. Woonera sapeza pothaŵitsira maso. Kanemayu ali ngati mboni yoimirira pamlandu umene sunathe.

Wa 1995, wotsogoleredwa ndi Darrell Roodt, anatuluka chaka chimodzi Nelson Mandela atasankhidwa kukhala mtsogoleri wa dziko. Mapiri a Natal akuoneka obiriŵira, ndipo nyimbo za John Barry zikutonthoza mtima. Nkhani ndi yomweyo, koma yasanduka chikumbutso cha bala loyamba kupola. Choopsa n'chakuti kukongolako kungaiŵalitse wophunzira chimene Paton anayambira nacho: kumtunda msipu wa mzungu, kumunsi chigwa chokokoloka chimene anyamata ndi atsikana achithaŵa.

Komabe pali pamene kanema aposa mau olembedwa. Pamene Kumalo akukumana mwadzidzidzi ndi James Jarvis, bambo wa wophedwayo, James Earl Jones, munthu wa thupi lalikulu ndi mau a bingu, akudzichepetsa nakhala nkhalamba yonjenjemera. Richard Harris akumvetsera ali duu, nkhope yokha ikuyankhula. Manyazi a kholo limodzi ndi chisoni cha linzake zikuoneka pamodzi, pomwe wolemba amayenera kuzifotokoza chimodzichimodzi.

Mphamvu imeneyi ili ndi mtengo wake. Makina ojambulira amakonda nkhope ya munthu mmodzi, chonsecho m'buku muli mutu wina umene khamu la anthu osatchulidwa maina likudandaula za kusoŵa nyumba mu Johannesburg. Apo mpamene Paton akuonetsa kuti tsoka la Absalom si la banja limodzi, koma la fuko lonse lozulidwa pamudzi. Woonera kanema yekha angalire ndi makolo aŵiriwo osamvetsa gwero la misozi yawo.

Choncho buku liyambe, kanema atsatire. Pambuyo pake mphunzitsi afunse ophunzira kuti wojambula wasiya ziti, wakuza ziti, ndipo chifukwa chake n'chiyani. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wophunzira woyankha mafunso ameneŵa waŵerenga bukulo kaŵiri, ndipo sadzasokoneza Paton ndi Korda kapena Roodt pa tsiku la mayeso.