Ku Karonga, wopanda galimoto ndiye amalipira zambiri

Tchuthi chapitachi chitatha ndinayenda kuchoka ku Karonga kupita ku Mzuzu motchipa kuposa masiku onse, ndipo sindinakwere minibasi. Bambo ena oyandikana nafe kwathu ku Kaporo ankapita ku Mzuzu pa Sienta yawo kukapikula katundu wa mugolosale, ndiye anatiuza ife ana asukulu anayi kuti tisonkhe ya mafuta. Tinasonkha, iwonso anaponyapo yawo. Aliyense anakhala pampando wake, zikwama kumbuyo, popanda wondikhalira pantchafu. Dzuwa lisanafike paliwombo tinali titalowa kale mu Mzuzu.

Patapita milungu iwiri mayi anga anayenda njira yomweyo. Anawatumiza ku chipatala chachikulu ku Mzuzu kuti akawaunike, ndipo poti wodwala sayenda yekha, azakhali anawaperekeza. Anakwera kabaza kuchoka kumudzi kufika pamsewu, galimoto ina kufika pa boma, kenako minibasi. Aliyense wa iwo analipira kuposa kawiri ndalama imene ine ndinasonkha. Anakhala padepoti maola awiri kudikira kuti minibasi idzaze, ndipo anakafika kunja kutada, miyendo itatupa. Kuti ulendowo utheke tinagulitsa mpunga umene tinasungira kudya.

Chiyambire tsikulo nkhaniyi ikundisowetsa mtendere. Tinakula tikudziwa kuti galimoto ndi ya anthu andalama, minibasi ndi ya ife. Koma mukawerengera bwino, pa maulendo ambiri amene mabanja athu amayenda, amene alibe galimoto ndiye amatulutsa ndalama zambiri.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuchoka pa boma la Karonga kufika ku Mzuzu ndi makilomita pafupifupi 220. Galimoto yaing'ono ngati Sienta kapena Vitz, ikakhala kuti injini ili bwino, imayenda makilomita 13 kapena kuposerapo pa lita imodzi. Ndiye kuti malita 17 akukwana. Pa mtengo umene bungwe la MERA linalengeza mu Okutobala 2025, wa K3,499 pa lita ya petulo, ndalama yake sifika n'komwe K60,000. Mukakwera anthu asanu, aliyense ndi K12,000. Tsopano tengani K12,000 yomweyo mupite padepoti ya Karonga, mukamuuze kondakitala kuti mukupita ku Mzuzu. Akakhala waulemu angokufunsani ngati mwachokera kunja.

Ndikudziwa zimene anzanga a ekonomikisi anena, chifukwa anandiuza kale m'hositelo. Akuti ndikuwerenga mafuta okha, ndaiwala ndalama yogulira galimotoyo, msonkho wa MRA pa chipata cha Songwe, inshulansi, COF, matayala ndi makaniko. Akunena zoona. Komanso munthu akayenda yekhayekha pagalimoto yake, K60,000 yonse ija ndi yake, ndipo apo minibasi yapambana. Sindikutsutsa.

Koma ndani kwathu kuno amayenda ulendo wautali yekha? Maulendo athu ndi a maliro, a matenda, a ukwati, a kukasiya ana kusukulu. Amayenda anthu atatu, anayi, ndi katundu. Minibasi imawerenga mitu, ndipo thumba la mpunga wa Kilombero limene mwanyamulira achibale a m'tauni nalonso lili ndi mtengo wake ngati munthu. Galimoto ya munthu payekha siwerenga zimenezo. Mukwere awiri, mukwere asanu, malita ndi omwewo. Choncho banja likamakula, wa galimoto mtengo pa munthu aliyense ukutsika, pamene wa minibasi ndalama yonse ikungokwera. Ndipo tisaiwale kuti galimoto zambiri zimene zimatipitirira pa M1 zitakwera munthu mmodzi, mafuta ake sagula ndi woyendetsayo. Ndi za boma, za mabungwe, za makampani.

Chinthu chosavuta n'kutukwana kondakitala, ndipo inenso ndatukwanapo chamumtima kambirimbiri. Koma mutakhala naye pansi mumva kuti ndalama imene akukulandaniyo ili ndi eni ake ambiri. Mwini minibasi amafuna ndalama yake ya tsiku, kaya okwera analipo kaya kunalibe. Woitanira padepoti amafuna yake galimoto isananyamuke. M'njira muli malo amene dalaivala amatsika n'kukasiya kenakake. Nthawi zina amapita atadzaza n'kubwerera ndi anthu asanu okha, ndiye mipando yopanda anthu ya pobwerera mumailipira ndi inu a popita. Iye ndi dalaivala amadya zotsala.

Kenako pali msewu. Gawo la kuchoka pa Songwe kufika pa boma analikonza zaka zingapo zapitazo ndipo limayendeka. Koma kuchoka pa boma kulowera ku Uliwa, Chitimba mpaka pa Chiweta, aliyense amene wadutsapo akudziwa mmene dalaivala amavinira ndi chiwongolero kuzemba maenje. Minibasi yodutsa pamenepo tsiku ndi tsiku siichedwa kutha matayala ndi masipuling'i, ndipo ndalama yokonzetsera imachokera m'thumba la wokwera. Chopweteka n'chakuti pa lita iliyonse ya mafuta pali kale ndalama yokonzera misewu imene imapita ku Roads Fund Administration. Mayi anga alibe galimoto, koma ndalama imeneyo anailipira kudzera pa mtengo wokwerera. Atatero analipiranso masipuling'i amene anathyoka chifukwa msewuwo sunakonzedwe.

Koma chimene ndikufuna tichione bwino ndi nkhani ya mafuta, chifukwa apa ndi pamene wosauka anapusitsidwa poyera. Mu Novembala 2023, kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, petulo anakwera kufika pa K2,530 ndipo dizilo pa K2,734. Mitengo imeneyi inakhala osasuntha pafupifupi zaka ziwiri. Pakumva zinali ngati kuteteza anthu wamba. Koma m'nyengo yomweyo mafuta ankasowa kawirikawiri, mizere ya galimoto inkagona pa malo omwetsera mafuta. Ife a ku Karonga tinkaona matanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam akulowa pa Songwe n'kutidutsa pakhomo kulowera kummwera, pamene mapampu a pa boma ali gwa.

Ndiye funsani kuti mtengo wa K2,530 uja ankagulira ndani. Munthu wa galimoto yake amatha kuisiya pamzere usiku wonse, kapena kutuma mnyamata kuti akailondere, kapena kungoimitsa ulendo mpaka mafuta abwere. Akathira fulu thanki imamukhalira masiku ambiri. Minibasi singagone pamzere masiku atatu, chifukwa bwana akufuna ndalama yake madzulo aliwonse. Choncho dalaivala ankapita kwa a zigubu kuseri, n'kugula pa mtengo wokwera kwambiri, ndipo m'mawa mwake mtengo wokwerera unali utasintha. Mtengo wotsika wa boma unathandiza amene anali ndi galimoto ndi nthawi yodikira. Wokwera minibasi ndi kabaza wa njinga yamoto ankayenda pa mtengo wa m'zigubu ngakhale sanagwirepo chigubu. Mafuta akabwera, mizere n'kutha, mtengo wokwerera sunkabwerera pakale. Zinachitikanso chimodzimodzi mu 2020 nthawi ya Covid, pamene analamula kuti okwera achepe m'minibasi: mtengo unakwera, ndipo titayambanso kuthinana anayi pampando sindikukumbuka kondakitala amene anatibwezera chenje.

Makolo athu amakamba za mabasi a UTM, kenako Stagecoach, kenako Shire Bus Lines. Sindikufuna kuwakometsa, chifukwa iwo omwe amanena kuti ankachedwa, ankafera m'njira, ndipo kampani yomalizayo inagwa. Koma anali ndi zinthu ziwiri zimene ife sitinazionepo pa maulendo afupiafupi: nthawi yonyamukira ndi tikiti yolembedwa mtengo. Komanso basi yonyamula anthu 60 imagawa mafuta, dalaivala ndi matayala pa mitu yambiri kuposa minibasi ya anthu osakwana 20, osanenanso Sienta. Lero mabasi akuluakulu alipo, koma ndi a ulendo wa ku Lilongwe ndi Blantyre. Mayi wa ku Nyungwe wofuna kufika pa boma alibe nawo ntchito. Nyanja nayo ili pomwepa, koma Ilala, ikamayenda bwino, imafika pa Chilumba kamodzi pamlungu. Tasiya ntchito yonyamula anthu m'manja mwa galimoto zing'onozing'ono, zimene mwachibadwa ndi zodula pa munthu aliyense, kenako tikudabwa kuti thiransipoti yadula.

Kwa ife ophunzira ndi amene angomaliza kumene, nkhaniyi ikufika pa ntchito. Kuchoka ku Karonga kupita ku Lilongwe ndi makilomita oposa 550, ku Blantyre ndi kutali kuposa pamenepo. Mnzanga wina amene anamaliza chaka chatha anaitanidwa ku intavyu ku Lilongwe, atamuuza kutatsala masiku awiri. Anawerengera ulendo wopita ndi wobwerera, pogona ndi chakudya, n'kuyerekeza ndi mwayi woti pa anthu ambirimbiri oitanidwawo atengedwe iyeyo. Sanapite. Pa pepala la olemba ntchito analembedwa kuti sanabwere, ngati munthu wopanda chidwi. Mnzake wa kalasi imodzi wokhala ku Area 25 anangokwera minibasi imodzi. Digiri ndi yofanana, koma wina mpikisano unamuthera padepoti.

Yankho limene tonse tili nalo m'mutu ndikulidziwa. Timaona galimoto zochokera ku Japan zikutsika pa Songwe, ma IT aja amene nthawi zina timakwera matola, ndipo aliyense amati, ndikangoyamba ntchito choyamba ndi ka Vitz. Inenso ndimatero, sindinama. Ndipo malinga ndi masamu ndaonetsa pamwambapa, munthu wotero sakulakwitsa. Vuto ndi lakuti tsiku limene wagula galimoto ndi tsiku limene umasiya kudziwa mtengo wa minibasi. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, koma amene amakhala m'misonkhano yokamba za misewu, mitengo ya mafuta ndi madepoti onse anasiya kalekale kumva m'mimbamo. Ena mwa ife tikhala pa mipando imeneyo zaka khumi zisanathe.

Sindikunena kuti boma liziikira eni minibasi mtengo. Taona kale pa mafuta zimene zimachitika mtengo ukaikidwa pa pepala pamene zinthu zenizeni zikunena zina. Koma khonsolo imene imatolera ndalama padepoti tsiku lililonse ikhoza kulamula kuti minibasi iliyonse imate mtengo wake pagalasi, kuti agogo asamauzidwe mtengo wina, wovala taye wina, ndiponso kuti mtengo usamasinthe mvula ikangoyamba. A bungwe la eni minibasi, MOAM, amene amafulumira kulankhula mafuta akakwera, tiziwafunsanso poyera zinthu zikakhala bwino. Msewu wa Karonga mpaka Chiweta usamakambidwe ngati nkhani ya a malole okha, chifukwa amene akuulipira kwambiri ndi okwera. Ndipo olemba ntchito, inu akuluakulu, intavyu yoyamba ingathe kuchitikira ku Mzuzu kapena pa foni. Ana a ku Karonga ndi Chitipa mafoni ali nawo.

Mayi akuyenera kubwereranso ku Mzuzu mwezi wamawa kukamva zotsatira. Ndinawaimbira bambo a Sienta aja kufunsa ngati ali ndi ulendo masiku amenewo, anati sakudziwa, zitengera katundu akatha liti mugolosale. Azakhali akuti ulendo uno mwina mayi apite okha kuti ndalama ikwane. Mayi akuti tidikire kaye, mwina mtengo wa mpunga ukwerako.