CIBADE CA KU KABWE CIBWERERE KWAO

M'caka ca 1921 anthu okumba miyala mu mgodi wa Broken Hill, umene lero ndi mzinda wa Kabwe, anafukula cibade ca munthu wamakedzana. Eni mgodi anacitumiza ku London, ndipo cikali komweko m'nyumba ya Natural History Museum. Katswiri wa kumeneko, Arthur Smith Woodward, anacicha Homo rhodesiensis. Motero mwini dziko anapatsidwa dzina locokera kwa Cecil Rhodes, mtsamunda amene analanda dzikolo.

M'caka ca 2020 akatswiri anapima cibadeci napeza kuti ciri ndi zaka pafupifupi 299,000. Ena tsono akuti munthuyo sanali kholo lathu leni-leni, koma mtundu wina umene unakhala mu Africa pa nthawi imodzi ndi makolo athu oyamba. Mkangano umenewu ndi wabwino, upitirire. Koma sungasinthe malo kumene munthuyo anakhala ndi kumene anafera.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 dziko la Zambia lakhala likupempha kuti cibadeci cibwezedwe. A ku Britain amacingika ndi lamulo lao la 1963 loletsa kutulutsa zinthu m'nyumbayo. Lamulo limapangidwa ndi anthu, ndipo anthu omwewo angathe kulikonza. Ena amati mafupa otere ndi cuma ca anthu onse a pa dziko lapansi. Tikubvomera. Nanga mwana wa mlimi wa ku Katete kapena Petauke sali mmodzi wa anthu onsewo? Iye adzafika liti ku London? Katswiri wa ku Ulaya angathe kukwera ndeke kudzapimira cibadeci kuno kwathu.

Nthaka yathu ikali kuulula zambiri. M'caka ca 2023 kunalengezedwa kuti pa mathithi a Kalambo panapezeka mitengo iwiri yosemedwa ndi kulumikizidwa zaka 476,000 zapitazo. Nzeru za umisiri sizinabwere ndi ngalawa.

Conco inu abale a kumidzi muli ndi udindo. Polima kapena pokumba citsime mukapeza mafupa acilendo, nkhwangwa za mwala kapena mapale akale, musataye ndipo musagulitse kwa wodutsa. Uzani amfumu, iwo adziwitse a National Heritage Conservation Commission. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tisunge zimene tiri nazo, pamene tikuitanitsa cimene cinatengedwa.